Sabata Imene Ndinayeza Chinsapo ndi Chingwe

Lolemba

Dzulo Tadala anaimba foni. Nkhani zake: kuthamanga kwa magazi kwanga, denga lodontha, nkhuku za mayi ake. Nditafunsa za masamu ake, akuti, "Musavutike ababa, n'zovuta kufotokoza." Ine! Zaka makumi atatu choko chili m'manja. Mwanayu ndinamuphunzitsa kuchotsera ndi nthanga za bwemba pakhonde pompano. Lero ali ku yunivesite kunja kwa dziko, akufufuza masamu, ndiye bambo ake asanduka munthu womufunsa za mankhwala basi. Zandiwawa, ndisaname.

Zomwe ndikudziwa pa ntchito yake, zimene anandiuza chaka chatha asanayambe kundibisira:

1. Amafufuza za mtunda, kuchoka apa kufika apo, koma m'malo amene maso sangawaone.
2. Malo akewo ali ngati mapepala ambirimbiri omatidwa m'mphepete, pepala lililonse n'kuphukira ena ngati nthambi.
3. Ukatenga malo atatu n'kuwalumikiza ndi njira zachidule, umapeza chinthu cha makona atatu, thirayango. Pabwalo la mpira imakhala yonenepa. Mumtengo imaonda, mpaka njira zitatu zonse zimakumana pamphanda imodzi.

Nambala 3 ndaimvetsa bwinobwino.

Pulani: ndiyeza Chinsapo wathu yemweyu. Malo atatu: pakhomo pano, pa kiyosiki ya madzi, kuchigayo. Ndione ngati thirayango yathu ndi yonenepa kapena yoonda. Lamlungu akaimba ndimupatsa manambala ndi funso limodzi lanzeru, aone kuti mutu wa bambo ake sunachite dzimbiri.

Zofunika: chingwe choyanikira zovala (ndibwereka mwakachetechete), zikhomo, kope, penti wotsala wa pageti. Ndi wofiira. Palibe vuto.

Lachiwiri

Ntchito yayamba! Chingwe n'cha mamita khumi ndendende. Chikatha ndikukhoma chikhomo chofiira mutu. Pamene pali khoma ndikungolembapo kamtanda ka penti. Ndavala jekete ndi chipewa, kafukufuku si masewera.

Njira ya ku kiyosiki: zingwe 23. Ya kuchigayo ndafika pakati, dzuwa landibweza.

Anthu akundiyang'anitsitsa. Ndasangalala, masamu akulemekezedwa. A Gondwe, neba wathu wochokera kumpoto, mkulu wa mpingo, anditsatira chapambali, manja kumbuyo. "Aphunzitsi, zayamba liti izi?" Ndati lero. Agwedeza mutu: "Ndimadziwa kuti tsiku lina lidzakwana." Munthu wozindikira ameneyu!

Mayi a Tadala akufuna chingwe chawo. Malaya anga ayanikidwa pamtengo wa papaya.

Lachitatu

Zikhomo zanga zamera miyendo! Zisanu zasowa. Zitatu zawoloka njira. Chimodzi chaima pakati pa bwalo la a Gondwe, mozungulira mosesa bwino.

Nkhani yabwera ndi mayi a Tadala kuchokera kotunga madzi. Akuti Chinsapo yense akudziwa kuti kukubwera msewu wa tala, ndipo ine ndi amene ndatumidwa kuyeza. Umboni wake ndi penti wofiira. Wa nyumba yabwino akuzula zikhomo kuopa kugwetseredwa. Wa nyumba yotopa kale akuziba n'kukakhoma pakhomo pake, kuti msewu umudutse alandire chipukuta misozi.

Ndathamangira pa kiyosiki kukafotokoza. Ndati ndikuyeza thirayango ya mwana wanga. Mayi wogulitsa madzi wanditsinzinira diso: "Osadandaula aphunzitsi, ifenso chinsinsi timasunga." Onse aseka mwaulemu.

Ndayezanso njira ya ku kiyosiki ya dzulo ija. Zingwe 26. Njira imakula bwanji tsiku limodzi? Wina watseka kanjira kachidule ndi mpanda wa udzu.

Lachinayi

Chitukuko chafika ku Chinsapo, ndipo wachibweretsa ndi ine.

Zomwe zamera m'njira zanga kuyambira dzulo:

- nthochi zobzala kumene, dzuwa lonseli, zikumwa madzi ogula
- khola la nkhumba lopanda nkhumba
- mbande za mango, ina idakali m'chubu chake
- khoma la zidina la a Gondwe, lofika m'chiuno, akuti imeneyo ndi golosale

Akuti msewu ukadutsa, mtengo uliwonse ndi khoma lililonse zimalipidwa.

Njira yochoka pa kiyosiki kupita kuchigayo kulibenso. Ndazungulira ndi chingwe changa mpaka ndatulukira kuseri kwa bafa ya eni ake, mkati muli munthu akuimba nyimbo ya kwaya. Ndapepesa ndikuyenda chambuyo.

Manambala m'kope: 23, 26, 31, ndi ina yofufuta. Njira yake imodzi yomweyo, ya ku kiyosiki! Tadala sananenepo zoti malo amasintha ukamawayeza.

Mayi a Tadala aseka mpaka kukhala pansi. "Walira mvula walira matope, bambo. Mumafuna ulemu, si umenewo?" Mayi amenewa ndawakonda zaka zonsezi, koma lero ndawakonda movutikira.

Lachisanu

M'mawa sindinatuluke. Anthu ndi amene abwera. Dzina langa tsopano ndi a Injiniya.

Pakhonde: tomato m'mbale, nzimbe ziwiri, tambala womangidwa miyendo wochokera kwa a Gondwe. Pempho lawo n'laling'ono: msewu ukhotere pang'ono chabe, ukhudze golosale. Ndakana mpaka mawu kusasa. Ndikakana kwambiri, akuti ndine bwana wamkulu kuposa momwe amaganizira.

Masana kwabwera mayi Nasimango, amasiye a njira ya kuchigayo. Iwo alibe mphatso. Akhala pansi kumapeto kwa khonde, akupotokola mpango m'manja. Akuti pakhoma pawo pali kamtanda kofiira, nyumbayo anawasiyira ndi malemu amuna awo, chakudya sichikulowa kuyambira Lachiwiri. "Mungondiuza tsiku lake aphunzitsi, ndidziwe kopita ndi ana."

Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Ndatenga mpeni ndi ndowa, ndapita nawo, ndapala penti yenseyo iwo akuona. Ndalumbira pamaso pawo kuti msewu kulibe. Andikhulupirira pang'ono.

Mawa ndiitana anthu onse. Zakwana.

Loweruka

Msonkhano pa kiyosiki. Anthu ochuluka kuposa kalasi iliyonse imene ndinaphunzitsapo, ndiponso achete kuposa onse. Ndajambula thirayango ndi choko pachitseko chakale. Ndafotokoza yonenepa, ndafotokoza yoonda. Ndanena za Tadala, kuti ndimangofuna chokamba naye. 



A Gondwe: "Ndiye kuti zidina zonsezi ndaumbira masamu?"

Mayi wogulitsa madzi: "Abale, bambowa amangosowa mwana wawo. Bwanji osangonena?"

Anthu aseka, ena atukwana chamumtima, mwini nthochi akuti zikabereka mkoko woyamba ndi wanga kuti ndizikumbukira. Sanandimenye. Chinsapo ali ndi mtima wabwino, vuto ndi makutu.

Bambo wina kumbuyo wafunsa, "Nanga yathuyi ndi yonenepa kapena yoonda?" Ndayang'ana. Njira zonse zatsekedwa ndi makola ndi nthochi. Wopita kumadzi, wopita kuchigayo, wobwera kwathu, onse akupanikizana pakampata kamodzi pambali pa khoma la a Gondwe, zidebe zikugundana. Yaonda ndithu. Koma taiondetsa tokha. Umenewo si kafukufuku, ndi kuwononga.

Tomato ndabweza. Tambala sindingathe, mayi a Tadala anamuweruza kale dzulo mumphika.

Lamlungu

Manambala ndilibe. Funso lanzeru ndilibe. Kope ndaika pansi pa wailesi. Ndakonzeka kuyankha za mankhwala.

Foni yalira titangoweruka kutchalitchi. Ndisananene moni, mayi ake alanda, afotokoza zonse: zikhomo, bafa, golosale, tambala. Sanasiyeko ngakhale chimodzi, zina awonjezera. Tadala waseka mpaka kutsokomola. Kenako wati, "Apatseni ababa."

Ndalandira foni. 

"Ababa, sikuti simungamve ayi. Ineyo ndi amene zandikanika. Miyezi inayi tsopano ndili pamalo amodzi, umboni wa masamu anga uli ndi bowo, ndikatseka apa kukutseguka apo. Ndimachita manyazi kukuuzani. Inu mumauza aliyense kuti mwana wanu salephera masamu."

N'zoona, ndimauza aliyense. Ngakhale kondakitala wa minibasi ndinamuuzapo.

Mtima wanga wasweka, komanso wakhala m'malo, zonse nthawi imodzi. Mwana wanga wasenza yekha katundu ameneyu miyezi inayi, ine kuno ndikukwiya kuti akundinyoza. Ndati, "Tandiuza pamene pakuvutapo, pang'onopang'ono." Wayamba. Mapepala omatana, njira zachidule, malo awiri amene akukana kukhala papepala limodzi. Ndamva mwina mawu atatu pa khumi alionse. Ndangoti "eya" ndi "pitiriza", iye osaima, mawu ake akupepuka ndikumva. Walankhula mpaka bandulo yatha pakati pa chiganizo.

Bowo lake likadalipo. Ine sindingalitseke, ndavomera. Masamu atikana tonse awiri, bambo ndi mwana, ndipo sabata yonseyi sindinasangalalepo ngati lero.

Mawa m'mawa ndikukathandiza a Gondwe kugwetsa golosale. Akuti ndibwere ndi wilibala, jekete ndisiye kunyumba.