Zimene Anandibweretsera Alimi a ku Wovwe

Pali tsiku lina limene anzanga a kusukulu ya udokotala safuna kuti ndiliiwale, ndiye bola ndikuuzeni ndekha asanawonjezere mchere.

Phunziro la kafukufuku ndinkalitenga ngati nthawi yogona. Aphunzitsi ankangowerenga, ife n'kumakopera, mayeso akatha n'kuiwala. Kenako kunabwera mphunzitsi wina, mayi wa ku Karonga, amene ankati kafukufuku saphunzirira pampando. Anatitengera ku Wovwe kukafufuza za likodzo pakati pa alimi a mpunga.

Titafika anandipatsa mabotolo. "Afotokozereni alimiwa kuti tikufuna mkodzo. Ine ndikaonane kaye ndi a kuchipatala."

Ine mwana wa ku Dedza, Chitumbuka changa chinkathera pa "monire". Ndinayamba kuzungulira, za nkhono, za madzi a m'minda (mawu oti mkodzo ndinkachita nawo manyazi pamaso pa anthu a msinkhu wa makolo anga). Mayi wina anatopa nane.

"Adokotala, mukukhumba matuzi?"

Khutu langa la Chichewa linamva chinthu china chonunkha.

"Ayi mayi, zimenezo ayi! Tikufuna zinazo."

"Zinazo?"

"Eya, zinazo basi."

Anayang'anana, n'kutenga mabotolo mwaulemu. Anachedwa kubwerako (ine ndikudabwa kuti kodi kuno amakodza bwanji). Bambo wina anachita kundipepesa: "Ine zakanika, adokotala, ndinapita kale m'mawa." Apo pomwe mutu wanga sunagwirebe.

Mabotolo anabwera atakulungidwa bwinobwino m'masamba a nthochi. Nditatsegula loyamba, anzanga onse anabwerera m'mbuyo. Mabotolo ena tinalibe, ulendo tinachokera kutali, ndipo aphunzitsi anali akutulukira. Ndinadziwa kuti chaka ndabwereza.

Anamva nkhani yonse, n'kuseka mpaka kutsamira galimoto.

"Mwanawe, kuno matuzi ndi mkodzo! Wakana mkodzo, waitanitsa chimbudzi."

Atapukuta misozi anati, "Musataye. Anthuwa avutika nazo. Likodzo lilipo pawiri, lina limakhala m'matumbo. Iweyo ndiye upime."

Ndinapima, mphuno nditatseka. Pa makina oonera tizilombo ndinaona dzira la likodzo, kaminga kake kali pambali, chinthu chimene ndinkangojambula pamayeso osakhulupirira kuti chilikodi. Ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli. Amene tinawapeza nalo analandira mankhwala, ena mwa iwo atadwala m'mimba nthawi yaitali osadziwa chovuta.

Aphunzitsi a ku Karonga aja akanandikalipira pagulu, bwenzi nditathawa kafukufuku moyo wanga wonse. M'malo mwake anandipatsa funso langalanga loti ndilitsate, ndipo ndi ntchito imene ndikudyera lero. Ndimawathokoza, pamodzi ndi alimi aja amene anamvera dokotala wosokonezeka popanda kudandaula.

Chitumbuka chikundivutabe. Koma ndikafika dera lachilendo, ndisanaphunzire n'komwe moni, ndimayamba ndafunsa mayina a zonse zotuluka m'thupi la munthu.