Mabatani a Che Bwanali

Amene munasoketsako zovala ku Area 1 zaka zapitazi mukuwakumbukira Che Bwanali, telala uja amene sankalola kanthu kuchitika popanda kuvota. Ndikati kanthu, ndikunena kalikonse. Wailesi titsegule siteshoni iti, tivote. Tiyi timwere mandasi kapena chinangwa, tivote. Tsiku lina mvula inkachita kuwombera pakhonde, nsalu zanga zikunyowa, iwo n'kumati tiyambe taona ngati ambiri akufuna kuti titsitse pulasitiki. Ndinatsitsa ndekha. Sanandiyankhule mpaka madzulo, amvekere ndalanda boma.

Ine ndine Emmie. Ndimagulitsa zitenje pakhonde lomwelo, kuseri kwa msika, ndipo ndinakhala moyandikana ndi mashini awo mpaka imvi zinanditulukira pomwepo. Mbali inayo kunali a Bauleni osoka nsapato. Atatufe ndiye tinali dziko la Che Bwanali, ngakhale awirife sitinapemphe unzika.

Zipangizo za chisankho ankasunga pansi pa mashini: zitini ziwiri za mkaka waufa, china cholemba EYA, china AYI. Aliyense ankapatsidwa batani limodzi, n'kulowa kuseri kwa chitenje kukaponya. Chitenjecho chinali changa, ndipo sichinagulidwe mpaka chinasuluka. Potuluka ankakupaka chala jivi, mankhwala apepo aja opaka pazilonda, kuti usavote kawiri. Chala cha a Bauleni chinakhala chapepo nthawi yaitali mwakuti akazi awo anawaperekeza kuchipatala.

Koma nkhani imene inkawadya mtima kwenikweni inali ya ana. Iwo ankafuna kuti lamulo lisinthe, munthu aziyamba kuvota ali ndi zaka 16, osati 18. Ankainena m'mawa, ankainena pobwera kumzikiti, ankainena ali ndi mapini mkamwa.

"Mwana wa zaka 16 akasenza matumba mumsikamu mumati wakula," ankatero. "Akamalera abale ake makolo atatsogola mumati wakula. Tsiku la chisankho ndiye mwadzidzimuka kuti ndi khanda?"

"Nanga ife tinakula kalefe, kuvotako kwatipindulira chiyani?" ankayankha a Bauleni osadzutsa n'komwe mutu pa nsapato. "Ngalande iyi inayamba kununkha ine ndili ndi mano onse."

"Munayamba mochedwa, achimwene. Njinga amaphunzira ali mwana. Inu munakwera muli ndi ndevu kale, n'chifukwa chake mumangogwera mu ngalande yomweyo."

Ine zoterezi ndinatopa nazo kalekale. Ndaona zisankho zingapo, ndavala nsalu za mitundu yonse, ndipo mitengo ya zinthu sinabwererepo m'mbuyo pondionera chala. Koma Che Bwanali kutopa kwa anzawo sankakumva.

Sukulu zikamatsegulira, pakhonde pankadzaza ana odzatenga mayunifolomu, ndipo apa ndiye pamene ankawapezera. Yunifolomu ili pahang'ala, yosita bwinobwino, koma mwana wa sekondale sankaitenga asanayankhe funso.

"Phungu ntchito yake n'chiyani?"

"Kugula mabokosi a maliro."

"Ubwere mawa."

Mwana ankapita akung'ung'udza, mawa lake n'kubwera atafunsa aphunzitsi. Akakhoza, ankamukhazika pabenchi n'kumuuza mawu awo a masiku onse, amene ngakhale ine ndikhoza kuwanena ndili mtulo. Voti ndi chinsinsi chako. Munthu usamuvotere chifukwa ndi mbale wako, kapena chifukwa wakugulira kanthu. Akafika apa ankatenga malaya n'kuwatembenuza. "Chovala sagula poona kunja. Uzitembenuza, uone msoko. Msoko ukakhota, chisiye, ngakhale wasoka ndi bambo ako."

Mmodzi mwa ana amenewa anali Clive wa ku Area 12, amene anabwera pagalimoto kudzayezetsa thalauza n'kubwerera kwawo ndi chala chapepo. Sabata isanathe, mayi ake anaimika galimoto kutsogolo kwa khonde, kutsekereza ngakhale a kabaza.

"Bambo, ine ndinakutumizirani mwana kuti mumuyeze thalauza, osati mumusandutse opozishoni," anatero mayiwo atavula magalasi. "Wasonkhanitsa mlonda, wam'maluwa ndi mtsikana wantchito, akuti avota kuti Lamlungu TV izituluka pakhonde azionera mpira. M'nyumba mwanga."

"Inu munavota nawo?"

"Ndinakana."

"Ndiye mwaluza, mayi. Pepani. Zimawawa poyamba pokha."

Mayiwo anachoka atalumbira kuti sadzapondanso ku Area 1. Anabweranso mwezi wotsatira ndi nsalu ya suti, chifukwa kolala ya Che Bwanali panalibe wina woisoka mu Lilongwe muno.

Mbiri yawo inafika mpaka ku City Centre. Bungwe lina linawaitana ku msonkhano wa kuhotela wokambirana zophunzitsa achinyamata za ufulu ndi udindo wawo. Anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, ananyamula zitini m'jumbo, ananyamuka akuwala. Anabwerako masana ali khuma.

"Zayenda bwanji?" ndinawafunsa.

"Mayi Emmie, wachinyamata wamng'ono kwambiri m'chipindamo anali ndi dazi. Ndinafunsa kuti anawo ali kuti, akuti ali kusukulu. Ndinati panja pali anyamata otsuka magalimoto, tivote ngati tiwalowetse. Anaseka, anawomba m'manja, akuti mfundo yabwino kwambiri, tiikambirana tikadya."

"Ndiye mutadya?"

"Titadya tinajambulitsa."

Madzulo amenewo sitinavote kanthu. Wailesi inangokhala pa siteshoni imene inali.

Kenaka maso awo anayamba kuchita chifunga. Poyamba tinkaseka. Thalauza la a Bauleni linatuluka mwendo wina ukusesa pansi, wina ukuonetsa sokosi, iwo n'kumati vuto ndi miyendo ya mwiniwake. Thumba la malaya a mwana wina linapezeka m'khwapa. Makasitomala anayamba kudutsa moyang'ana kumbali. Amene sankaseka anali Suhaila, mdzukulu wawo wa zaka 16, amene ankabwera akaweruka kusukulu kudzawalowetsera ulusi mu singano. Iyeyu ndiye anali mwana wawo wapamtima, wokhoza mafunso onse. Ndi iyeyo amene ananditsina khutu kuti chala cha agogo ake chikumakhala chapepo ngakhale tsiku limene sitinavote. Singano ya mashini inkawabaya, iwo n'kumabisa chilonda ndi jivi wa chisankho.

Zubair, mwana wawo, bambo ake a Suhaila, amagwira ntchito mu ofesi ku City Centre ndipo amakhala ku Area 14. Anabwera Loweruka lina nkhope ili gwa.

"Ababa, zakwana. Mashini tikasunge, inu tiyeni kunyumba mukapume. Chipinda chilipo."

"Ndikapume ndatopa ndi chiyani? Kumpanda kwanu kuja ndizikayankhula ndi ndani, agalu?"

"Mudzadula chala, ababa."

"Chabwino. Tivote."

Zubair anavomera, poganiza kuti ovota ndi akuluakulu a pabanja ndi ife a pakhonde. Che Bwanali anamwetulira ngati munthu amene wabisa khadi m'thumba. "Pakhonde pano zaka zovotera ndi 16. Ana anga onse a mayunifolomu avota nawo." Masamu awo anali osavuta. Akuluakulu akhoza kuwagulitsa, koma ana aja anali awo.

Kampeni inali ya sabata imodzi, ndipo ndikuchita manyazi kuwanenera. Munthu amene moyo wake wonse sanagulireko mwana switi anayamba kuitanitsa tchipisi ndi zigege. Mafunso anatha. Mwana ankangoti odi, yunifolomu ili m'manja.

"Agogo, izi si zija mumatiletsa?" anafunsa Suhaila.

"Izi si kampeni, mama. Ichi ndi chikondi. Thira tsabola."

Anawo anadya, poti chakudya sichilakwa.

Tsiku lovota pakhonde panadzaza mpaka mumsewu. Clive anabwera ndi mlonda wa kwawo kuti akhale woyang'anira. Funso linali limodzi: Che Bwanali apitirize kusoka, eya kapena ayi. Mabatani anagawa okha, mmodzimmodzi, akumugwira dzanja aliyense. Anthu analowa kuseri kwa chitenje changa, anatuluka, anapakidwa jivi. Suhaila anakhalitsa kuseriko, ndipo potuluka sanayang'ane munthu.

Asanatsegule, Che Bwanali anatenga chitini cha EYA n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Chinalira ngati mbale ya wopemphetsa pakati pa mwezi. Anagwedeza cha AYI, chinangoti tswa tswa, cholemera. Apo onse tinadziwa. Komabe anakhuthulira mabataniwo pathebulo la mashini n'kuwerenga ndi zala, poti maso sakanatha. Mu EYA munali lawo, la a Bauleni amene ankaopa kutsala ndi ine, ndi ena ochepa. Langa linagwera kuti musandifunse, voti ndi chinsinsi. Powerenga a AYI, zala zawo zinaima pa batani lina. Analipapasa kanthawi, analiika pambali, anapitiriza.

A Bauleni ndiwo anayamba: "Achimwene, apa pachitika zachinyengo. Tichite apilo."

"Palibe chinyengo," anatero Che Bwanali. "Wachinyengo ndinali ine, ndipo ndagwa nacho chagada. Ana inu mwadya tchipisi changa n'kundichotsa pampando." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Zubair, bweretsa galimoto."

Anavundikira mashini ndi nsalu okha, osalola wina kuwathandiza. Ndinamva chisoni kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinakwiyira ana aja, ngakhale ndinkadziwa kuti sanalakwe.

Ndinakawaona ku Area 14 patapita miyezi. Kumeneko n'kwachete moti umamva masamba akugwa. Ndinawapeza pampando pansi pa mtengo wa mango, atanenepa pang'ono, zala zonse zili zoyera. Anati anayesa kuvotetsa mlonda za nthawi yothirira maluwa, koma mlondayo ankangoti zili kwa inu bwana.

"Munthu woti zili kwa inu bwana ungamuphunzitse chiyani?" anadandaula. Kenaka anapisa m'thumba n'kutulutsa batani loyera lonyezimira, lobenthuka m'mphepete. "Mukulidziwa ili?"

"Ayi."

"Linali pa bulauzi ya malemu mayi Zubeida, akazi anga. Tsiku lija ndinampatsa Suhaila dala, kuti ndikalipeze mu EYA ndidziwe kuti mwana wanga sananditaye. Ine wophunzitsa chinsinsi, ndinasuzumira kuseri kwa chitenje. Ndinalipeza mu AYI."

"Munamuuza?"

"Ndimuuze kuti atani? Sabata yoyamba sindinkafuna n'komwe kumva mawu ake. Kenaka ndinaganiza kuti, kodi ndinkafuna chiyani? Ndine agogo ake, ndinamugulira tchipisi, ndinali ndi misozi m'maso. Iye anatembenuzabe chovala." Anandiika batanilo m'manja n'kundifumbatitsa. "Mudzampatse akadzavota zenizeni. Ine sindikudziwa ngati ndidzakhalepo."

Sanakhalepo. Anamwalira m'nyengo yozizira chaka chotsatira, ali mtulo, ndipo monga mwa mwambo wa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo. Ambiri a mumsika anamva dothi litafotseredwa kale. A Bauleni anati aka kanali koyamba kuti Che Bwanali achite chinthu mwachangu chotere, osafunsa maganizo a anthu. Tinaseka, kenaka a Bauleni anatembenukira kukhoma.

Lamulo lija silinasinthe, zaka zikadali 18. Ngalande ikununkhabe. Pamalo pa mashini pali mnyamata wogulitsa makava a mafoni, ali ndi sipika yake imene salola munthu kuikhudza. Zitini zija a Bauleni amasungiramo misomali ya nsapato, yaitali mu EYA, yaifupi mu AYI.

Litapita tsiku la chisankho chathachi, m'mawa mwake Suhaila anatulukira pakhonde. Anali atakwanitsa zaka 18. Anaima pamene pankakhala mashini n'kukweza chala chake cha inki, monga ankachitira ana onse potuluka kuseri kwa chitenje. Mnyamata wa makava anamufunsa kuti foni yake ndi mtundu wanji.

Ndinamuitanira kumbali kwanga, ndinamasula mfundo ya pachitenje, ndinamupatsa batani lija. Analiyang'ana, analitembenuza, anapapasa pobenthuka paja.

"Ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Anati chiyani, anti?"

"Anati msoko unali wokhota ndithu."

Anakhala pabenchi ya a Bauleni nthawi yaitali batanilo lili m'manja.

Mvula yoyamba ya chaka chino inabwera ndi mphepo, kuwombera pakhonde ngati kale. Ndinadzuka, ndinatsitsa pulasitiki, ndinaimanga bwinobwino. Kenaka ndinapezeka ndaima, ndikudikira. Palibe amene anati ndalanda boma.