Komiti Yosaka Misozi ya Tilinao

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge poopa milandu, munali amayi awiri, Nangozo ndi Nachuma, omwe ankakhala ngati banja, akulera mwana wawo wamkazi dzina lake Tilinao.

Vuto linali limodzi: mwanayo sankavutika. Masaya onenepa, kusukulu nambala wani, kuseka kwake kumamveka mpaka kuchigayo. Zimenezi zinawawawa amuna a m'mudzimo, amene anali atalosera kale kuti mwana wopanda bambo afota ngati nkhwani wa dzana. Choncho anakhazikitsa Komiti Yosaka Misozi ya Tilinao, ndipo Bambo Gwaza anadzisankha okha kukhala Wapampando Wamkulu Wosachotsedwa. Anagamula kuti mwana wolira pakhomopo adzalandidwa n'kuperekedwa kubanja lolongosoka.

Nangozo mtima unali m'mwamba. Tilinao akapunthwa chala, iye ankathamanga ndi chigumu kukamutseka pakamwa asanalire. Ngakhale anyezi analeka kudulira pakhonde.

"Anzanga, amene mukuonda ndinu," Nachuma ankamuseka. "Asiyeni asake, ife tiziphika."

Komiti inagwira ntchito, abale inu! M'mawa inkakwera mumtengo wa mango woyang'anizana ndi nyumbayo, dzuwa likapendeka n'kusamukira kumowa kukaunika zomwe yapeza. Kunyumba kwawo akuluakuluwo ankangopitako kukasintha malaya. Tilinao akaseka, iwo ankapukusa mitu mumasambamo: "Mwamva? Chisoni chobisika chimenecho."

Nthawi yonseyi ana a m'mudzimo anali atazolowera kudzadya kwa amayi awiriwo, poti pamenepo futali sankafunsa kuti bambo ako ndani.

Tsiku lina Bambo Gwaza anatsika mumtengo muja chothamanga, komiti yonse ili pambuyo. Pakati pa ana akudyawo anali ataona kamtsikana koonda, diresi long'ambika, misozi ili chuchuchu chifukwa anzake anakatsirizira mbale.

"Tawagwira!" anakuwa, atakanyamula m'mwamba. "Anatibisira mwana wina! Taonani nthiti izi. Tikutenga onse awiri, uyu ndi Tilinao yemwe!"

Nangozo anathamangira kwa mwana wake. Anamukumbatira Tilinao mwamphamvu.

Wapampando anatembenukira kamtsikana kaja mokweza mawu kuti mudzi wonse umve. "Usaope, mwana iwe, chipulumutso chafika. Tauza anthuwa, bambo ako ali kuti?"

"Amakhala mumtengo wa mango uwo," kanayankha, kakupukuta mamina. "Nditsitseni, ababa, sindinakhute."

Wachiwiri kwa Wapampando anayamba kuyang'anitsitsa ana otsalawo mmodzimmodzi, thukuta lili kamukamu. Nachuma chiseko chinamupinda pakati.

Nangozo anapuma mpweya wautali, koyamba chiyambire ntchito ya komiti. Analandira mwanayo m'manja mwa bambo ake, n'kumukhazika pamphasa pafupi ndi Tilinao.

"Chigamulo ndi chigamulo, a Wapampando," anatero mwaulemu, akumuwonjezera futali. "Munati aperekedwe kubanja lolongosoka. Tamulandira."