Minibasi ya ku Kawale Inyamuka Nthawi Yanji?

Lolemba

A Dokotala, amene akuyang'anira kafukufuku wanga wa digiri ya masitazi, atumiza imelo ya mizere iwiri. Akufuna mutu wachitatu Lolemba likudzali, wokhala ndi manambala enieni. Apo ayi, ndidikire chaka chamawa. Moni palibe. Kuphunzira kunja kumachotsa zambiri mwa munthu.

Ntchito yake ndi yosavuta: pulogalamu ya kompyuta yolosera kuti minibasi ya pa siteji yathu ku Kawale inyamuka nthawi yanji. Ikadzaza imanyamuka. Ine ndingowerenga okwera ndi mphindi zake, kompyuta iphunzire yokha.

Zofunika:
kope
wotchi
tayi, kuti anthu adziwe kuti si ulova

Lachiwiri

Pa siteji 7 koloko. M'minibasi muli anthu naini. Mkulu wa oitanira, amene onse amamutcha Jasi chifukwa savula jasi ngakhale kutenthe bwanji: "Tauni! Tauni! Atsala awiri!"

7:20, akwera anayi. Ndiwerenga: naini.
7:35, akwera atatu. Naini.

Masamu ndinakhoza bwino lomwe ku yunivesite ine. Naini kuphatikiza seveni si naini. Anthu akupita kuti? Pansi pa minibasi ndasuzumirapo, palibe chibowo.

Ndaonanso kuti "atsala awiri" ndi nambala iliyonse kuyambira thuu mpaka teni. Kompyuta ndikaiuza bwanji zimenezi?

Lachitatu

Ndazigwira. Ena mwa okhala m'minibasi sakupita kulikonse. Ndi anzake a Jasi, amangokhalamo kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza. Wokwera weniweni akalowa, mmodzi amatsika ngati waiwala kanthu. Nyambo!

Wina wafumbata chikwama chopanda kanthu. Wina amayang'ana wotchi n'kumadandaula kuti achedwa ku ntchito. Watsika kasanu lero, ku ntchitoko sanafikebe.

Mwa mabuku onse a masamu a mizere yodikirira amene ndawerenga, olembedwa ndi mapulofesa a imvi, palibe ngakhale limodzi lotchula munthu woima pamzere kuti mzere uoneke. Ndajambula madanga awiri m'kope: weniweni, nyambo. Koma ndiwasiyanitsa bwanji asanatsike? Nsapato? Thukuta?

Lachinayi

Siteji yonse yandidziwa. Tayi ndi kope, ndiye akuti ndine kazitape wa boma. Ndikangotulutsa cholembera nyambo zonse zikutsika, oitanira akusanduka ogula nzimbe. Minibasi ina yanyamuka ndi anthu sikisi pothawa ine. Manambala a lero: zinyalala.

Ndafotokozera Jasi za masitazi. Wamvetsera mpaka kumapeto, zomwe a Dokotala sanachitepo. Kenako: "Ndiye bigi, zaka zonsezi mukuphunzira kuti mudziwe zimene ine ndimaona ndi maso?"

Ndamufunsa kuti iyi inyamuka nthawi yanji. "Ikadzaza." Ndi zomwenso pulogalamu yanga imayankha, itaganiza mphindi zitatu.

Chigamulo chake: kuima panja ndi kope ayi, ndikuthawitsa makasitomala. Ngati ndikufuna kulemba, ndizilembera mkati.

Lachisanu

Ndili mkati, mpando wa pawindo. Zonse zikuoneka bwino. Koma pali chachilendo: minibasi ikudzaza m'mphindi teni, pamene Lachiwiri zinali fote.

Amayi ena kwa anzawo: "Tikwere iyi, muli abwana a tayi. Anthu otere sadikira pachabe."

Ikatsala pang'ono kudzaza Jasi akunditsinzinira, ine n'kutsika, n'kukwera yotsatira. Ndatsika kaseveni. Paulendo wachinayi m'pamene ndadzifunsa kuti ineyo ndidzilembe m'danga liti.

Madalaivala awiri atsala pang'ono kumenyana pondilimbirana. Chimalizireni digiri yoyamba, palibe amene anandilimbiranapo.

Loweruka

Azakhali a ku Chilinde, amene amauza mpingo wonse kuti ndine injiniya wa makompyuta, andiona pawindo n'kukwera. "Mwana wa achimwene, lero tiyendera limodzi."

Jasi atsinzina. Sindisuntha. Atsinzinanso. Kenako mokweza, siteji yonse ikumva: "Bigi, tatsikani, ina ikukudikirani kumbuyoku!"

Ndatsika. Azakhali andiperekeza ndi maso mpaka ndakhala pawindo la minibasi yopanda munthu.

Sipanathe maola awiri, foni ya amayi kuchokera ku Ntcheu: "Ngati sukulu yakukanika, bwera udzalime kachewere. Zoitanira minibasi ayi."

Ndalowetsa manambala a sabata yonse mu kompyuta. Yapeza chinthu chimodzi chokha cholosera bwino nthawi yonyamuka: ngati ine ndilimo kapena ayi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, nkhani yafikako kale. M'malo mwake ndapita ku kafe ya intaneti ku Mchesi kukalembera a Dokotala zoona zonse, masamba atatu. Ayankha ndisanadzuke pampando, changu chimene sanaonetsepo. Mzere umodzi: wofufuza sangakhale nyambo m'kafukufuku wake yemwe, tionana chaka chamawa.

Chabwino. Chaka chamawa.

Koma funso limodzi likundisowetsa mtendere: chimakopa anthu ndi tayi kapena nkhope yangayi? Jasi akuti n'zosavuta kudziwa. Mawa ndikhale pawindo wopanda tayi, mkuja tayiyo avale uja wochedwa ku ntchito, tifananize mphindi.

Mu Lilongwe monse muno, ndi yekhayo amene wandipatsa njira yomveka yoyesera chinthu.

Tayi ya mkujayo ndasita kale. Jasi akuti ndisachedwe.