Nankafumbwe Wokana Kufa

Lolemba, 2 Juni

Kope latsopano, munthu watsopano.

Madamu Mbewe, mphunzitsi wa Sitandade 5 pasukulu yathu, abwera okha pakhomo panga, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Akuti ana sakumva phunziro la kasungidwe ka chimanga. Manotsi ndi a Chingerezi, ana akungokopera ngati akujambula maluwa. Ndiye akufuna sewero Lachisanu masana, makolo alipo, a Hedi alipo, kuti zimene zagona m'buku anawo azione zikuyenda ndi miyendo. Afunsa mudzi wonse kuti katswiri wa zisudzo ndani. Ayankhidwa dzina limodzi lokha, kuchokera kwa Kabudula mpaka ku Namitete.

Chabwino, dzina lake ndi lomwe lija. "A Chidakwa." Ngakhale Madamu atero poodira, kenako adzigwira pakamwa.

Ndilembe pano kuti adzukulu adzadziwe. Ine mowa sindinaulawepo. Ndine wogulitsa chimanga wolemekezeka pamsika wa Nsaru, chakumwa changa ndi thobwa ndi tiyi. Ndinangosewera chidakwa kamodzi, pa sewero la achinyamata kutchalitchi, ndevu zisanamere. Ndinadzandira bwino kwambiri moti ansembe anatsetsereka pampando ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la ubatizo linamwalira, maliro ake sindinaitanidwe. Mkazi wanga Anabanda ndi "mayi Chidakwa" kuchigayo, kumjigo, kusikelo ya ana. Kumphakati akamasankha maudindo, dzina langa likangotchulidwa anthu amayamba kutsokomola.

Lachisanu zonsezi zitha. Kuyambira Lachisanu ndine a Dayirekita. Ndauza kale Anabanda kuti ayambe kuzolowetsa lilime. Ati: "A Dayirekita, mbuzi zanu zili m'dimba la eni."

Lachiwiri, 3 Juni

Kusukulu, pansi pa mtengo wa mango. Ana ochuluka ngati nyerere pa fupa. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, lero ndalowa Sitandade 5 osalemba mayeso, ndiponso ndaima kutsogolo. Ena amachedwa chifukwa akubwera ndi zambiri.

Madamu andipatsa pepala la mawu. Louma ngati chitsononkho. "Umitsani chimanga. Petani. Thirani mankhwala. Sanjikani matumba pa thandala, osati pansi." Sewero lotere ngakhale galu angayasamule. Ndalipinda mwaulemu, ndaliika m'thumba la kumbuyo.

Osewera amene ndikufuna:
- Mlimi
- Mlangizi wa zaulimi, wa jombo ngati aja a ku Chitedze
- Chimanga (ana atatu m'matumba)
- Khoswe
- Chinyontho (Madamu akuti chili m'buku; mmene chimayendera sindikudziwa, tiona)
- Nankafumbwe, mwini sewero

Nankafumbwe ndamupekera nyimbo yake, kavinidwe kake, ndi mlomo wautali wa katoni ya sopo. Ndaonetsa ana kayendedwe: kumbuyo m'mwamba, mlomo pansi, kununkhiza thumba ngati mlamu wobwera nthawi ya chakudya. Ndipo poti nankafumbwe amadya, ndabweretsa chimanga chokazinga cha Anabanda.

Kalasi yonse ikufuna kukhala nankafumbwe. Ngakhale Chimanga chatuluka m'matumba n'kuyamba kudya chimanga. Ndasankha Tadala, kamtsikana kakafupi, mawu ake omveka mpaka kuchigayo. Khoswe ndi Yamikani. Mano anabwera nawo okonzeka kale.

Madamu: "Bambo, musaiwale kuti nankafumbwe ayenera kufa akathiridwa mankhwala. Phunziro lonse lagona pamenepo."

Ndawauza kuti agone tulo. Imfa za pabwalo ndazipha zambiri.

Lachitatu, 4 Juni

Ndisanasukusule n'komwe, pakhomo pali anthu ngati ndamwalira.

Amayi ake a Tadala, manja m'chiuno: "Dzulo lokhali mwana wanga ayamba kale kumuitana Nankafumbwe kumjigo. Adzamukwatira ndani? Adzamulowetsa ndani m'nyumba mmene muli chimanga?" Ndikuti mayi, ndi sewero chabe, likatha zatha. Andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuchala chakuphazi. "Kwa inu zinatha, a Chidakwa?"

Ndatembenukira kwa wotsatira.

Bambo ake a Yamikani akuti kumtundu kwawo kulibe khoswe, kunalibe, ndipo sikudzakhala. Agogo ake a Chinyontho akuti mdzukulu wawo anasiya kalekale kunyowetsa mphasa, tisamukumbutse anthu. Mfundo imeneyi sindinaiganizire.

Kenako mkulu wa mpingo wa kutsidya kwa dambo. Wanyamula mlomo wa katoni uja ndi zala ziwiri, patali ndi malaya. Akuti mwana wa mpingo savala chigoba kumaso, izi ndi za kudambwe. Dzuwa lisanalowe a kudambwe enieniwo atumiza munthu kudzandiuza kuti ndisamaseweretse zinthu zosazidziwa. Katoni imodzi ya sopo, ndalakwira mbali zonse ziwiri. Luso lotere si la aliyense.

Makolo onse akufuna chinthu chimodzi: mwana wawo akhale Mlangizi. Dzina likakamira, likakamire labwino. Ndati, nanga Mlimi? Bambo wina: "Ulimiwo tikuuchita kale ife. Mwana timutumize kusukulu kuti akagwirenso khasu?"

Anabanda akufunsa za chimanga chawo chokazinga. Ndawauza kuti chapita ku maphunziro.

Lachinayi, 5 Juni

Mmene zilili m'mawa uno:
- Alangizi: theka la kalasi
- Mlimi: mmodzi, Limbani, chifukwa makolo ake ali kumaliro ku Nambuma, sanamve
- Chimanga: awiri, wachitatu thumba lamuyabwa
- Khoswe: palibe
- Chinyontho: chauma
- Nankafumbwe: palibe

Poyeserera, alangizi onse azungulira mlimi mmodzi, aliyense akulangiza zake, wina akuti umitsa, wina akuti peta, wina akungokuwa. Limbani wayamba kulira. A Hedi akudutsa, aima, ayang'ana. Ati: "Apa ndiye mwajambula dziko mmene lilili." Ndalandira ngati chiyamiko.

Jombo ndi nkhani ina. M'mudzi muno n'zochepa, ndiye alangizi agawana imodziimodzi. Ena apeza zamanzere zokhazokha. Akutsimphina ngati akuchokera kunkhondo.

Madamu akhala pa njerwa, mutu uli m'manja. Makolo aitanidwa kale, a Hedi aitananso a komiti. Sewero la tizilombo lopanda kachilombo. Ati motsitsa mawu: "Bambo, kapena inuyo?"

Ndakana. Ndakana zolimba, mtengo wa mango ndi mboni. Dayirekita sakwawa. Dayirekita amakhala pampando n'kumaloza ndi chala.

Ndiye Madamu akapempha a Zimba, mlonda wa pasukulu. A Zimba avala mlomo, ayesa. Ndaona zambiri pa moyo wanga koma izi ayi. Nankafumbwe akuyenda ngati ng'ombe yopita ku dipi. Sanunkhiza, sagwedeza kumbuyo, nyimbo akuikoka ngati ya kumanda. Ndapirira. Ndatseka maso. Ndaluma mlomo wanga weniweni. Kenako ndangoti, "Tabweretsani kuno ndikuonetseni kamodzi kokha."

Ana aomba m'manja mpaka Sitandade 8 yatuluka m'kalasi kudzaona.

Pobwerera ndaganiza mozama. Katoni kumaso, thumba m'thupi, andidziwa ndani? A Hedi polengeza adzati a Dayirekita. Nankafumbwe adzakhala mlendo wochokera kutali, wosadziwika kwawo. Mbalame zonse m'manja. Nzeru zoterezi anthu amakazifuna ku yunivesite.

Anabanda sindinawauze. Ali ndi mtima wothamanga.

Lachisanu, 6 Juni

Bwalo ladzaza. Anthu m'mitengo, anthu pa njinga, a zitumbuwa, a nzimbe, agalu. Mumzinda wa Lilongwe lero mwatsala apolisi okha.

A Hedi aimirira: "Sewero ili lakonzedwa ndi a Dayirekita athu." Mawu amenewa ndawamva ndili m'thumba kuseri kwa kalasi. Okoma ngati uchi. Ndikanadziwa ndikanawapempha abwereze.

Ndilowa chokwawa. Bwalo lonse zii. Ndinunkhiza thumba loyamba. Ndigwedeza kumbuyo. Bwalo liphulika! Kamwana kena kathawira m'chitenje cha amake. Nyimbo ija amayi aigwira ulendo woyamba womwewo, ena nthungululu.

Kenako mawu a mayi wina chakumbuyo: "Dazi limenelo ndi la a Chidakwa."

Katoni imaphimba kumaso kokha. Za pamwamba sindinaziwerengere.

Basi, poti andidziwa, ndisewere monga ine.

Alangizi afika motsimphina, andiwaza phulusa, ndiwo mankhwala athu. Apa ndiyenera kufa. Ndagwa chagada, miyendo m'mwamba, ndaphupha. Imfa yabwino ndithu. Koma bwalo likuti, "Dzuka! Dzuka!" Anthu asiya ntchito zawo, ena ayenda kuchokera kutali, ungawamane bwanji? Ndadzuka. Ndadya thumba lachiwiri. Andiwazanso. Ndafanso, mokoma kuposa poyamba, ndi mawu otsanzika ana anga ndi kugawa chuma. "Dzuka!" Ndadzuka. Phulusa latha. Alangizi ayamba kundiponda ndi jombo, ine ndiwatembenukira, ndiwathamangitsa bwalo lonse, jombo zikuvuka m'njira. Chimanga chathawa chodumpha ndi matumba omwe. Mlimi wakwera mumtengo. Madamu akundikodola ndi manja onse awiri, ine ndimayesa nyimbo yawalowa.

Ndafa komaliza chifukwa mpweya wandithera.

Tsopano gawo la Madamu. Akhazika ana pansi, makolo ndi a komiti akumva, kuti aone ngati phunziro lalowa.

"Nankafumbwe timamupha ndi chiyani?"

Manja onse m'mwamba. M'kalasi imeneyi sizinachitikepo. Madamu amwetulira, aloza Tadala.

"Safa, Madamu."

"Nanga mankhwala amagwira ntchito yanji?"

Yamikani: "Amamuonjezera mphamvu."

"Mlimi achite chiyani akaona nankafumbwe?"

"Akwere mumtengo."

Madamu ayesa funso lomaliza: "Nankafumbwe amapezeka kuti?"

Kalasi yonse pamodzi, ngati pemphero la m'mawa: "Pamsika wa Nsaru, amagulitsa chimanga!"

A Hedi atseka mwambo ndi mawu ochepa kwambiri. Madamu sananditsanzike. Anabanda anali pamzere woyamba, sanaseke ngakhale kamodzi. Mwina dzino lawo lija layambanso kuwawa.

Loweruka, 7 Juni

Kumsika ndi matumba anga. Chimanga choyera, chouma, ukaluma njere imalira. Chopanda ngakhale kabowo.

Ndisanatsike panjinga, makondakitala a minibasi ayamba nyimbo ija. Yafika bwanji kuno? Wailesi siithamanga chonchi.

Wogula woyamba apisa dzanja m'thumba, ayang'ana njere, ayang'ana ine, apita kwa mnzanga. Wachiwiri: "Ichi ndi chimene mwasiya mutakhuta, eti?" Wachitatu ndi gogo wina, osaseka n'komwe, akulankhula zochokera pansi pa mtima: "Mwana wanga, akuti chako mankhwala sagwira."

Mnzanga woyandikana naye, a Mvula, amene thumba lawo ukalisiya pano umalipeza apo chifukwa cha anankafumbwe enieni, agulitsa chonse dzuwa lisanafike pamutu. Ati sabata yamawa ndidzakhalenso pomwepa, pafupi nawo.

Madamu adutsa ndi tomato wawo. Ndawapatsa moni wa Chingerezi. Ati Lolemba ayambiranso phunziro lonse, ndipo tsopano ntchito zakhala ziwiri: kulowetsa za m'buku ndi kutulutsa za ine. Koma avomera chinthu chimodzi. Sabata yonseyi palibe mwana wajomba, ngakhale aja amene amangooneka tsiku la phala. Ndati, "Madamu, zimenezo mulembere boma." Sanaseke, koma tsaya linagwedezeka.

Ndabwerera ndi matumba onse. Alemera kuposa popita.

Tsiku lathunthu, msika wathunthu, palibe ndi mmodzi yemwe wanena kuti a Dayirekita. Ndayesa kudzitchula ndekha pogula mandasi. Mtsikana wake wafunsa kuti ameneyo ndani.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi palibe wanditcha Chidakwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempherera zimenezi. Pemphero layankhidwa, koma ndikanafotokoza bwino popempha.

Pa zolengeza, a katekisiti ati chimanga cha masika chimene tapereka chisungidwe mosamala kuti chisafumbwe. Tchalitchi chonse chatembenuka. Ngakhale a kwaya. Ndaweramitsa mutu ngati ndikupemphera, koma dazi n'lomwe likundipereka.

Anabanda tsopano ndi "mayi Nankafumbwe". Ati kuchigayo ndizipita ndekha. Ati Chidakwa chinali munthu, chimayenda ndi miyendo iwiri ngakhale modzandira.

Potuluka, mphunzitsi wa Sitandade 6 andikokera pambali. Mwezi wamawa ali ndi phunziro la matenda otsegula m'mimba. Amva kuti kwa ine ana sajomba. Akusowa ntchentche.

Ndakana. Pamaso pa Anabanda ndakana, dzanja pachifuwa.

Masana ano ndili pakhonde, ndatsamira matumba anga. Ntchentche yatera pabondo. Ikupukuta manja, ikupotoza mutu, ikupukutanso, ngati munthu woitanidwa ku ukwati. Ndaiyang'ana nthawi yaitali.

Mwana wa Sitandade 6 sangaithe imeneyi. Angoiononga.

Mapiko: neti ya udzudzu yakale ija ingachite.