Boneti ya Agnesi

Lolemba
Ambuye, ndiyambe ndi Inu. Loweruka kuli chionetsero cha kalabu yathu ya magalimoto akale achifalansa, pabwalo la kapinga cha ku Gigiri, muno mu Nairobi, ndipo Agnesi ndamulembetsa! Galimoto yanga, yoyera ngati chovala cha ubatizo. Mipando, chiwongolero, magalasi, ngakhale wailesi yosalira ija, zonse n'zobadwa nazo. M'dera lathu lonse la Pangani mulibe mnzake.

Vuto ndi limodzi, lili pansi pa boneti. Injini yake yeniyeni inafa chaka chatha, ndipo a Onyango, makaniko wa ku Kibera, anaikamo ya ku Japan. Lamulo la kalabu likuti chikho n'cha galimoto ya injini yobadwa nayo.

Ine kunama sindinama ayi. Ndingomasula kawaya kotsegulira boneti. Oweruza akakoka, ikana. Ine ndingoti, "Yakalamba." Kodi limenelo ndi bodza? Yakalambadi.

Lachiwiri
Kawaya ndamasula m'mamawa. Boneti ndatseka, gwa! Mtima m'malo.

Zofunika: polishi, mswachi wakale wa mawilo, nsalu yofewa. Nsaluyo ndatenga chitenje cha amake Chisomo, sakudziwa, ndilapa. Andipeza ndikupukuta chitseko, mwayi chitenje ndachikhalira. Akuti, "Ine chindikwatireni simunandisisitepo choncho."

Ku ofesi ya mpingo ntchito sikuyenda, ndikungoganiza. Munthu akamuika mtima wa wina kuchipatala, amamufufuta m'buku la ubatizo? Ana ake amasiya kumutchula bambo? Mfundo yamphamvu zedi imeneyi! Koma ndilibe woti ndimuuze, poti ndikangoitchula ndiye kuti ndaulula.

Lachitatu
Tsoka ine! Ndatenga Agnesi kuntchito kuti anthu amuone akuwala. Tili pamdipiti wa magalimoto, muvi wa kutentha ukukwera, ukukwera, nthunzi fuu! Agnesi akufuna madzi. Madzi ndili nawo m'chigubu. Pothirira pali pansi pa boneti. Ndikukoka, ikukana, ndendende monga ndinaiphunzitsira ndekha.

Kumbuyo mahutala. Kondakitala wa matatu, minibasi za kuno, akukuwa m'Chiswahili, "Mzee, toa gari!" kuti mdala ndichotse galimoto. Wina akuti ndikaigulitse kwa ogula zitsulo. Agnesi, zitsulo! Ndamusiya pamalo omwetsera mafuta, ndafika kuntchito mochedwa, pa matatu omwewo, chigubu pamiyendo.

Ambuye, ndamva. Koma munafunikira kulankhula pamaso pa Nairobi yense?

Lachinayi
Ndapita kokalapa. Cholinga chinali chitenje chokha. Pakamwa pangapa! Zatuluka zonse: injini, kawaya, chikho, mpaka malo amene ndachikonzera pamwamba pa kabati.

Bambo mfumu akufunsa, "Imamwa mafuta bwanji injiniyo?" Ndawauza, pang'ono zedi. Akuusa moyo, yawo imawavuta. Ndiye akuti, "Mwana wanga, pita ukatsegule boneti."

Ndimayembekeza kuti andiuza ndipemphere korona. Korona ndikanamaliza lero lomwe.

Lachisanu
A Onyango agona pansi pa Agnesi ndi waya wopinda, akutukwana m'zilankhulo zitatu. Boneti yatseguka. Paipi ya madzi inali itang'ambika, asintha, kawaya abwezera. Akuti, "Injini yabwino chonchi mukuibisa ngati mwana wapathengo?" Zandibaya.

Amake Chisomo chitenje achipeza m'buti. Sakuyankhula. Bola akanakalipa.

Nzeru yatsopano: ndikaimika kumapeto kwenikweni kwa mzere. Oweruza pofika kwa ine akhala atatopa, dzuwa litawaswa. Akatsegula, atsegula. Akapanda kutero ine ndili duu. Bambo mfumu anati boneti itseguke, za pakamwa sananene.

Loweruka
Agnesi akuwala moti anthu akudzijambula naye! Dona wina akuti bambo ake anali nayo yotere. Ndikuyenda ngati nduna.

Oweruza afika, atatopadi. Wamkulu wawo, a Mwangi, akundipatsa dzanja: "Habari, mzee wa Malawi?"

Ine: "Injini ndi ya ku Japan."

Anangondipatsa moni! Boneti sanaikhudze n'komwe!

Mkangano buu. Wina akuti galimoto ndi thupi, wina akuti ndi injini. Ndatulutsa mfundo yanga ya buku la ubatizo, aseka, wina waomba m'manja, koma lamulo ndi lamulo. Andiika kunja kwa chingwe, pafupi ndi wootcha soseji. Utsi wonse pa polishi wanga.

Chikho chapita kwa a Dokotala ena a ku Gigiri, injini yobadwa nayo, yotsukidwa ngati mbale ya paguwa. Pobalalika mvula yayamba. A Dokotala akutembenuza kiyi: khe, khe, khe, zii. Akankha, zii. Anzawo a injini zenizeni aliyense akuti yake singathe kukoka, ingafe nayonso.

A Mwangi akubwera kunja kwa chingwe, ambulera m'manja, ulemu wonse: "Mzee, tusaidie." Ati mdala tithandizeni, ndikokere a Dokotala galimoto.

Chingwe chokokera n'chomwe chija ananditchingira nacho! Agnesi kiyi kamodzi, vuu. Akazi a Dokotala akana kukhala m'galimoto yokokedwa, akwera kwa ine, chikho pamiyendo. Ndayenda pang'onopang'ono, magalasi otsitsa ngakhale kukugwa mvula, kuti a kalabu onse aone bwino.

Lamulungu
Pamwamba pa kabati palibe kanthu. Amake Chisomo aikapo fulasiki. Chitenje chatsopano ndalonjeza, asankha okha, akuti cha m'mashopu a ku Eastleigh.

A Mwangi atumiza uthenga: komiti iganizira zokhazikitsa gulu la magalimoto a injini zachilendo. Iganizira. Ndiye kuti chaka chamawa ndili pa soseji pomwe paja, ndavomera. Mwina akulondola, mwina chikho n'cha obadwa nazo.

Koma Ambuye, munaona nokha amene anali kutsogolo ndi amene anali pachingwe. Kunyada kumeneku ndi tchimo, ndikudziwa, ndikalapa Lachinayi. Lero ayi.