Mpando wa kwa a Tembo ndi Chizungu changa

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, koma lero ndiiulula ndekha, chifukwa ena akamaifotokoza amawonjeza kuti ndinataya nsapato. Bodza limenelo. Ndinataya chipewa chokha.

Nkhondo yaikulu itangotha, ndinali kalaliki pa mgodi wina ku Kitwe. Ntchito yanga inali kudinda matikiti a anthu opita pansi, ine ndili pamwamba, tayi pakhosi, pensulo kukhutu. Mnyamata wa ku Nyasaland, wa Standard Six! Pansi pa mgodi sindinapondeko, ndipo ndinkanyada nazo.

Panali mzungu wina woyang'anira ntchito ya pansi, amene tinkamutcha Kandege chifukwa kunkhondo ankayendetsa ndege. Tsiku lina mu ofesi ndinamumva akusimbira mnzake mmene ndege yake inayakira moto ili m'mwamba, n'kumaliza kuti, "It was a bit dicey." Nditamufunsa, anati mawuwo amanenedwa zinthu zikafika poti mwina upulumuka, mwina ayi.

Ndinawakonda mawuwo ngati ndawabala ndine. Njinga ikatha mabuleki, dicey. Mitambo ikada nditayanika shati, dicey. Mkulu wa mpingo atandifunsa ngati kwaya yathu yakonzeka, ndinamuyankha kuti, "Dicey, mkulu," iye n'kugwedeza mutu mwaulemu. Ndinkamva kukoma.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi: pansi pa mgodi Kandege sankakuwa. Ankagogoda mwala wa kumwamba ndi chitsulo, n'kumvetsera. Ukalira ngati ng'oma, ankayang'ana m'mwamba n'kunena motsitsa kuti, "A bit dicey." Anthu ake akangomva choncho ankataya fosholo n'kuliyatsa liwiro osafunsa, ndipo amene anachedwapo anali kumanda.

Tsono ine ndinali nditagwa m'chikondi ndi Sesiliya, mwana wa a Tembo a ku Fort Jameson, kapitawo wa gulu la Kandege lomwelo. Iwo Akatolika, ine Mpresibateriya, moti ankhoswe anga, malume a Chirwa, anatha miyezi itatu akupempha kuti ndikaonekere. Potsiriza anatiitana Lamlungu masana.

Panjira a Chirwa anandilangiza. "Iwe, mawu ochepa. Chizungu chako usiye pakhomo. Ndipo apongozi aakazi usawayang'ane kumaso, wamva?"

"Ndamva, malume."

M'kanyumba kawo ka m'komboni munali a Tembo ndi anzawo atatu a pansi pa mgodi, amene ankaimira achibale a kumudzi. Ine, monga mlendo, anandipatsa mpando umodzi wokhawo wa m'nyumbamo, mwendo wina womanga ndi waya. Ndikapuma, unkapendekeka.

Vuto linali la maso. Mkamwini waulemu amayang'ana pansi, koma pansipo ndi pamene panali amayi ake a Sesiliya, pamphasa, moyang'anizana ndi ine. Kumanzere a Tembo, kumanja Sesiliya atagwada ndi thireyi ya tiyi. Ndinaganiza monga munthu wophunzira, n'kupeza malo amodzi opanda mlandu: kudenga.

Ndinayang'ana denga mwaulemu kwa nthawi yaitali. Kukambirana kunayamba kuzilala. Ndinamva mmodzi akusuntha mapazi, koma ndinati ulemu wanga wawagwira mtima.

Kenako a Tembo anafunsa motsitsa, "Atate, kuli bwino?"

Nthawi yomweyo mpando unati gwedee. Ine maso ali kudenga, ndinayankha ndi mawu ofatsa a Kandege weniweni, "Mmm... a bit dicey."

"Basopa!" anakuwa mmodzi.

"Fumeni! Fumeni bonse!" anatero wina m'Chibemba, kuuza onse kuti atuluke.

Amuna atatu akuluakulu anadzuka kamodzi. Wina anadzera pawindo loti ngakhale mbuzi ikanaganiza kawiri. Ine nditaona anthu odziwa ngozi akuthawa, ndinati denga likugwadi! Ndinalumpha thireyi, makapu mbwee. Pakhomo ndinapeza patatsekeka ndi munthu, ndipo ndinamugwira m'mapewa ndi manja onse awiri n'kumuika pambali ngati thumba la ufa.

Anali apongozi aja osayenera kuwayang'ana n'komwe.

Ndinakaima pampopi wa madzi, kumapeto a mzere wa nyumba. Liwiro lotero sindinathamangepo ngakhale kusukulu. Nditacheuka, palibe fumbi, palibe chogumuka. Nyumba ili chilili.

Pobwerera ndinapeza theka la komboni litasonkhana. A Tembo anali atatulutsa mkazi wawo, mwana wawo ndi a Chirwa, iwo n'kutuluka pomaliza monga achitira kapitawo. Tsopano anali atalowanso, akugogoda mtanda wa denga ndi mpini wa khasu, khutu lili tcheru. Anagogoda paliponse, kenako anatuluka.

"Manje atate, munaona chiyani kumwamba kuja?"

"Palibe, bambo."

"Nanga dicey ija?"

"Ndimanena mpando."

"Mpando?"

"Mwendo wake... umagwedera pang'ono."

Mayi wina anayamba kuseka mpaka anakhala pansi, komboni yonse n'kutsatira. Wa pawindo uja, malaya atang'ambika mpaka kumsana, anafunsa ngati angandimenye pang'ono chabe. Sesiliya sanaseke. Ankatola zidutswa za makapu, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti nane ndikaoneko pansi pa mgodi.

Patatha masiku atatu a Chirwa anabwera ndi yankho. Anakhala pabedi langa osavula chipewa.

"A Tembo akuti za mawu aja akhululuka, munthu amaphonya. Mpando aukonza. Denga aligogoda, ndi lolimba."

Mtima unayamba kubwerera. "Ndiye ukwati, malume?"

"Akuti pansi, woona ngozi amakoka mnzake. Iwe unalumpha mwana wawo n'kukankha mkazi wawo. Ndiye iwenso akugogoda ngati denga lija."

"Apeza chiyani?"

A Chirwa, munthu wosadziwa Chizungu ngakhale cha good morning, anayang'ana kudenga kwanga n'kunena motsitsa, "A bit dicey."

Sesiliya anakwatiwa ndi wa pawindo uja.

Chizungu chotola pakamwa pa mzungu, yambani mwafunsa kumene chimagwira ntchito masana.